Mfundo zofunika: zobisika m'mimba mwa mlatho

1. Mlimi amene anaperekezapo fodya wake ku okushoni ya Chinkhoma amadziwa kuti wogula sakhutira ndi pamwamba pa belo. Amapisa dzanja pakati n'kusolola masamba, poti m'menemo ndimo ena amabisa fodya wachabechabe. Mlatho wa konkire nawo ndi belo, kungoti sungapisemo dzanja.

2. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Madzi akalowa pa kamng'alu, zitsulo za mkati zimachita dzimbiri. Dzimbirilo limatupa, n'kukankha konkire mpaka kulekana ndi chitsulo, kunja penti ali waliwali. Pa 14 Ogasiti 2018 mlatho wa Morandi ku Genoa, m'dziko la Italy, unagwa n'kupha anthu 43. Zingwe zake zachitsulo zinali zokutidwa ndi konkire, motero kudyeka kwake kunali kovuta kuona. Mlatho umene unalowa m'malo mwake mu 2020 uli ndi maloboti oyenda m'mbali mwake, kujambula paliponse.

3. Nzeru yofufuza zobisika mkati si yachilendo. Mayi akamagula mtsuko amaugogoda, ndipo wosweka umalira mogonthera. Mainjiniya nawo akhala akugogoda konkire ndi hamala. Loboti imangopitiriza ntchito yomweyo pamalo pamene munthu sangafike osaika moyo pachiswe, itanyamula radar yoonera zitsulo za mkati ndi kamera yoona kutentha, pakuti konkire yofufuma imatentha mosiyana ndi yolimba.

4. Tisamadziderere. Mu 2017 boma lathu pamodzi ndi UNICEF linatsegula pabwalo la ndege la Kasungu malo oyeserapo tindege topanda woyendetsa, tololedwa kuuluka mtunda wa makilomita 40 mbali zonse. Mu 2020 African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindegeti. Ine ndimalakalaka kuona mmodzi wa iwo ataima pa Bua kapena pa Dwangwa, akuzungulitsa kandege kunsi kwa mlatho wa msewu wa M1, umene malole a fodya ndi feteleza amaupondereza chaka ndi chaka.

5. Chithunzi sichimata mng'alu. Amene wachiona ayenera kunena zoona ngakhale zitakwiyitsa kontilakitala, ndipo wosunga ndalama azitulutse mvula ya Disembala isanadzaze mtsinje. Pamlathopo pamadutsa ana a sukulu, ngolo za chimanga, ndi ambulansi yothamangira ku chipatala cha Kamuzu Central usiku.