Mukamaonera makanema a miliri

Adzukulu anga, sindikuletsani kuonera makanema a miliri pa foni zanuzo. Koma musamangodikira kuti munthu agwe pamsewu inu mukuwe. Muziyang'ana amene akudziwa zoona koma akuzibisa, amene akupha makwacha pa maliro a anzake, ndi amene waima nji.

Mu Outbreak ya 1995, matenda amafika ku America ndi pusi wochokera ku Zaire. Komatu akuluakulu a asilikali ankawadziwa kale matendawo, mankhwala anali nawo, ndipo anafuna kuphulitsa tauni yonse kuti chinsinsi chawo chisaululike. Mu Contagion ya 2011, wina amanamiza anthu pa intaneti kuti mankhwala a chomera cha forsythia amachiza, iye n'kulemererapo. 93 Days ya 2016 ndi nkhani yoona. Mu 2014 ku Lagos, Dr Ameyo Stella Adadevoh anakana kutulutsa m'chipatala Patrick Sawyer, wodwala Ebola, ngakhale anamukakamiza. Mayiyo anamwalira ndi matenda omwewo, koma anapulumutsa anthu ambiri.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Januwale 2024 kolera inasandutsa Heroes Stadium ku Lusaka kukhala chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Kuno ku Kabwe mliri wathu ndi mtovu. Si kachilombo ayi, koma mafunso ake ndi omwewo: ndani ankadziwa, ndipo ndani akulipira? Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake lidakali m'mabwalo a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Mwana akamakwawa n'kuika chala m'kamwa, mtovu umalowa m'magazi n'kumufooketsa nzeru. Mlandu wa mtovuwu wosumira kampani ya migodi ya Anglo American unakalowa kukhoti ku Johannesburg mu 2020, ndipo kampaniyo imakana kuti ndi yolakwa.

Tsono mverani. Wazani madzi musanasese pabwalo. Asambitseni m'manja ana asanagwire nsima. Amene mumakumba ku Black Mountain, mulu wa zotsalira za mgodiwo, musanyamule mwana muli ndi zovala za kuntchito. Pitani nawo ana akayezedwe magazi. Uthenga wa pa WhatsApp wolonjeza mankhwala ozizwitsa musautumize kwa wina musanafunse a zaumoyo, paja safunsa anadya phula. Ndipo khansala kapena phungu akabwera kudzapempha voti, mufunseni mwaulemu koma mosaopa kuti fumbi limeneli lichoka liti.