Madzi Oima Patsinde pa Khoma

Kuwerenga: Luka 6:46-49; Mlaliki 10:18

Amayi anzanga mwa Ambuye, ife a ku Feira madzi timawadziwa. Pano pamene Luangwa amathira mu Zambezi, moyang'anana ndi Zumbo, mitsinje ikasefukira sitidikira kuuzidwa. Timanyamula ana ndi mphasa kuthawira kumtunda. Koma lero ndifuna tikambe za madzi ena amene sitiwaopa, madzi a padenga pathu pomwe.

Mvula ikagwa, madziwa amadontha pamalo amodzimodzi, nakumba kadzenje m'mbali mwa khoma. Akaima m'menemo njerwa za pansi zimawamwa, makamaka zosaotcha, ndipo zimafewa ngati phala. Pulasitala amayamba kugwa, mng'alu ukukwera, chiswe nacho chapeza njira. Tsiku logwa khoma timati ndi chimvula cha usiku uja, chonsecho linayamba kudyeka kalekale.

Musati zimenezi n'za nyumba za osauka zokha. Khoma la Kariba, kumtunda kwa Zambezi yemweyu, linamalizidwa mu 1959 ndi akatswiri. Madzi otuluka pa zipata zake anakumba thanthwe patsinde pake mpaka dzenje la mamita pafupifupi 80, ndipo mu 2017 inayambika ntchito yaikulu yolikonza kuti maziko asadyeke. Ngati madzi adya thanthwe, nanga njerwa zathuzi?

Pa Luka 6 Ambuye Yesu akuyamikira munthu amene anakumba mozama pomanga, ndipo akunena kuti munthuyo ndiye wakumva mawu ake n'kuwachita. Kumva timamva ndithu, Sabata ndi Sabata. Pa kuchita ndi pamene ambiri timasiya madzi ataima. Mawu amene apongozi analankhula pa maliro chaka chatha mukali kuwasunga. Bambo a kunyumba munasiya kuwayankha bwino. Mnzanu wa m'Chigwirizano mumampatsa moni wa pakamwa pokha, yunifolomu ili pathupi. Palibe amene amatcha zimenezi chigumula, koma zikulowa pansi pa banja ndi pansi pa mpingo. N'chifukwa chake Paulo pa Aefeso 4:26 salola kuti mkwiyo ugone nafe. Ngalande yake ndi kupita kwa munthuyo, kukamba naye, ndi kukhululuka.

Ndipo khasu lenileni tiligwirenso. Mlaliki akuti denga limadontha chifukwa cha manja aulesi. Mvula ya Novembala isanafike, kwezerani dothi m'mbali mwa khoma ndi kulitsendera kuti litsetserekere kunja. Ikani miyala pamene madzi a padenga amagwera. Lambulani ngalande yopita kumunsi, osati yolunjika pakhomo pa mnzanu, pakuti imeneyo yadanitsa anansi ambiri. Mvula ikakata muziiyendera, kuchotsamo masamba ndi mapulasitiki.

M'dera lanu muli amayi amasiye ndi agogo olera ana amasiye, amene msana sulolanso kuwerama. Atsogoleri a Chigwirizano, lembani maina awo mwezi uno, ndipo pokawachezera munyamule Baibulo ndi makasu.