Yeremiya Anagula Munda, Nasunga Makalata Ake

Kuwerenga: Yeremiya 32:6-15, Luka 14:28-30



Pa misonkhano yathu m'maparishi nkhani ya malo ndi nyumba imabwera kawirikawiri. Ena mwa ife tatopa ndi lendi. Ena tatsala pang'ono kupuma pa ntchito, ndipo nyumba ya boma kapena ya kampani tidzaisiya. Ena tasunga kangachepe ndipo tikufuna kumanga nyumba yochititsa lendi kuti itithandize pa ukalamba. Zofuna zimenezi si tchimo ayi. Mkazi wangwiro wa pa Miyambo 31 anaona munda, naulingalira bwino, naugula. Koma tisanatulutse ndalama, tiyeni tione momwe mneneri wa Mulungu anagulira malo.

Yeremiya anagula munda pa nthawi yovuta. Ankhondo a ku Babulo anali atazinga Yerusalemu, ndipo iye mwini anali m'ndende. Msuweni wake Hanameli anabwera kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti. Yeremiya anagula chifukwa Mulungu anamuuza kuti tsiku lina anthu adzagulanso nyumba ndi minda m'dzikomo. Koma chikhulupiriro chake sichinamuchititse zinthu mwachisawawa. Anayesa siliva pa sikelo, masekeli 17. Anaitana mboni. Analemba makalata awiri, ina yomata ndi ina yosamata, nawapereka kwa Baruki kuti awasunge mu mbiya kuti akhalitse. Munthu wa pemphero ndi yemwenso anasamala mapepala.

Choyamba, tiwerenge mtengo wonse. Ambuye Yesu anafanizira za munthu womanga nsanja amene anaika maziko koma nalephera kumaliza, anthu nayamba kumuseka. Maziko otere tawaona ambiri m'matauni mwathu, udzu utamera m'kati. Mtengo wa poloti ndi chiyambi chabe. Pali ndalama za oyeza malo, za loya, za kusintha dzina pa mapepala, za pulani ya nyumba imene khonsolo iyenera kuvomereza, za kukoka madzi ndi magetsi, komanso msonkho wa malo chaka ndi chaka. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya simenti ndi malata inakwera nthawi yomweyo. Choncho tiyambe ndi nyumba yaing'ono imene tingathe kuimaliza. Ngongole ya ku banki m'khonde imafuna kubwezedwa m'miyezi yochepa, pamene nyumba imabweza ndalama patapita zaka. Katapila ndiye tisamuyandikire n'komwe, chifukwa amameza nyumba yomwe tikumangayo.

Chachiwiri, tidziwe malo ndi mwini wake. Adobadoba ali ndi pakamwa pokoma, ndipo poloti imodzi amatha kuigulitsa kwa anthu atatu. Akatiuza kuti tilipire lero chifukwa mawa kubwera wina, pamenepo ndi pofunika kudekha. Ngati malowo ali ndi chikalata cha umwini, tipite ku ofesi ya Unduna wa za Malo tikafufuze ngati dzina la pa chikalatacho ndi la wogulitsayo, ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki, ndiponso ngati ndi a lizi, zaka zotsala ndi zingati. Ngati ndi a khonsolo ya mzinda kapena a Malawi Housing Corporation, tikafunse komweko. Ngati ndi malo a makolo, tionane ndi amfumu ndi abale onse a wogulitsa, osati mmodzi yekha. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 linatsegula njira yoti malo otere alembetsedwe m'kaundula. Tikaonenso malowo nthawi ya dzinja, tione komwe madzi amadutsa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, ndipo mabanja ambiri a ku Chilobwe anataya nyumba ndi miyoyo. Poloti yotchipa m'mphepete mwa phiri kapena mu dambo imadzalipiritsa ndi misozi.

Chachitatu, tilembe, ndipo dzina lathu lioneke. Pamene Abrahamu anagula phanga la Makipela pa Genesis 23, Efroni anayamba ndi mawu oti amupatsa mwaulere, koma Abrahamu analipira masekeli 400 pamaso pa anthu onse a pa chipata cha mudzi. Anadziwa kuti chopatsidwa pakamwa chimalandidwanso pakamwa. Ifenso tilipire kudzera ku banki, tilandire lisiti, ndipo mboni zisaine. Ngakhale wogulitsayo ndi mlamu wathu kapena mkulu wa mpingo, tilemberane. Amayi ambiri anaumba njerwa, anatunga madzi, anagulitsa mandasi kuti malata agulidwe, koma pa mapepala pali dzina la abambo lokha. Abambo akatisiya, achibale amabwera maliro asanathe n'komwe. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 24, amalola mayi kukhala ndi katundu payekha kapena pamodzi ndi wina. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Koma ndi bwino kutseka mpata mlandu usanafike. Tikambirane ndi amuna athu mwaulemu kuti mayina onse awiri alembedwe, ndipo tilembe wilu tikadali ndi mphamvu. Kulemba wilu si kuitana imfa.

Chachinayi, tikakhala eni nyumba, tikumbukire kuti tinali alendi. Mneneri Yesaya pa mutu 5 anadzudzula anthu olumikiza nyumba ndi nyumba mpaka osauka kusowa pokhala. Mfumu Ahabu anali ndi nyumba yachifumu, komabe anasirira munda wa Naboti, ndipo mwazi unakhetsedwa. Tisasunthe malire a mnansi, tisagule malo a ana amasiye kwa malume wawo mobisa. Ife amene tinagwirapo ntchito m'zipatala tikudziwa zimene zimachitika pamene mabanja khumi akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi chodzadza, pafupi ndi chitsime. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tisanawonjezere chipinda china cha lendi, tiyambe takumba chimbudzi chabwino ndi kuika madzi aukhondo. Pa lendi imene talandira, tipatule ina yokonzera denga ndi ya miyezi imene nyumba idzakhala yopanda munthu. Tikafuna kukweza lendi, tichenjeze nthawi ikadalipo. Mlendi wathu adziwe kuti akukhala m'nyumba ya Mkhristu.

Tikupempha atsogoleri a nthambi zathu kuti pa msonkhano ukubwerawu mayi aliyense afunsidwe mafunso awiri: kodi mapepala a malo anu ali kuti, ndipo palembedwa dzina la yani? Amene sadziwa kuwerenga tiwaperekeze ku maofesi. Amasiye tiwaimirire.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, dziko lonse ndi lanu, ndipo ife ndife osunga chabe. Tipatseni nzeru pogula, chilungamo pochititsa lendi, ndi mtima wotsegulira alendo makomo athu. Tetezani amasiye ndi ana awo. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.