Gogo wa chaka cha njala ndi kabokosi ka deti

Ku parishi ya Guilleme ku Mchinji, yomwe inatenga dzina la Bishopu Mathurin Guillemé, amene anali mtsogoleri wa Akatolika a dera la Nyasa kuyambira 1911, buku la ubatizo silikangana ndi munthu. Gogo akati anabadwa chaka cha njala, mlembi atha kulemba 1949, kapena mawu a gogowo m'mphepete. Pepala limalandira zonse.

Kompyuta ndi yamakani. Wolemba pulogalamu amayamba waumba chikombole, chomwe amati class, n'kulamula kuti dzina likhale mawu, deti lobadwira likhale tsiku, mwezi ndi chaka. Uthenga ukamachoka m'kompyuta ina kupita ina, monga m'kalembedwe kotchedwa JSON, malo omwewo atha kufika ndi nambala, mawu, kapena opanda kanthu. Apa pulogalamu imakana, kapena kalaliki amaikapo 1 Januwale kuti mzere uyende.

Ndiye wanama ndani? Agustino Woyera ankaphunzitsa kuti bodza limakhala m'mtima wa wonena chimene iye sakuchikhulupirira. Gogo wanena zimene akudziwa. Kalaliki sakufuna kunamiza aliyense, akufuna akadye nsima. Komabe deti labodza labadwa, ndipo likasindikizidwa limaposa mwini wake mphamvu. Chiphaso cha unzika, chomwe anthu oposa 9 miliyoni analembetsa mu 2017, chili ndi deti lathunthu, ndipo ku banki amakhulupirira khadi, osati pakamwa.

Mlandu ukugwera woumba chikombole. Iye ndiye anaganiza kuti aliyense amadziwa tsiku lake lobadwira ngati anabadwira m'chipatala muli kalendala pakhoma.

Njira ina ilipo kale. OpenMRS, pulogalamu ya zipatala yomwe inayamba mu 2004, ili ndi kachizindikiro kosonyeza kuti deti lobadwira ndi longoyerekeza. Zopeza za dokotala imazisunganso m'malo osiyana: nambala pake, mawu pake, deti pake. Olemba mapulogalamu ena amadandaula kuti zotere zimachulutsa ntchito, popeza mtundu uliwonse umafuna kufufuzidwa pawokha. N'zoona, imachuluka. Koma akaipewa, ntchitoyo imagwera gogo, amene tsopano ayenera kuloweza tsiku lomwe sanabadwe n'kumalitchula pa windo lililonse.

Pa nkhani iyi buku la ubatizo la ku Guilleme likuposa mafomu ambiri a pa kompyuta.