Kodi Nduna Imene Sinalowe Ufumu Yalephera?

Pakati pa mafunso amene amasautsa mtima wa munthu wotumikira pansi pa mnzake, pamene imvi zayamba kumera ndipo aona kuti mpando umene anauyang'ana kuyambira paunyamata wakhalidwa ndi wina, palibe lolemera koposa ili: kodi moyo umene watha m'malo achiwiri ndi moyo wosakwanira? Anthu a m'dziko la Amereka, amene amatama kukwera koposa mitundu yambiri, ali ndi ntchito imene funsoli limaonekera poyera, ndiyo ya mphunzitsi wothandiza m'timu za mpira wa kumeneko wa m'makoleji, mpira wogwira ndi manja ndi kugwetsana, umene pa Loweruka lililonse la nyengo yake umadzaza mabwalo otha kulandira anthu oposa 100,000.

Njira ya mphunzitsi wotere imayambira pansi penipeni. Mnyamata amene wangoleka kusewera amalembedwa kuti athandize akulu ake ali kupitiriza maphunziro, nalandira kangachepe kosakwana ngakhale kulipira nyumba yabwino, ndipo ntchito yake ikhala kuchezera usiku ali kupenda zithunzi za masewero a adani, kulemba m'mene amaimira ndi m'mene amathamangira, kuti m'mawa ena akayankhule ndi nzeru zimene iye anatola. Akaoneka wokhulupirika, ampatsa kagulu kake ka osewera, namtumanso kuyenda m'mizinda ndi m'midzi, kukakhala m'nyumba za makolo ndi kuwapempha kuti ampatse mwana wao. Akapambana pamenepo, aikidwa kuyang'anira mbali yonse, kaya yotchinga kaya yothira nkhondo, ndipo pamwamba pake patsala mpando umodzi wokha. Koma masiku onsewa moyo wake uli m'manja mwa wina, pakuti mphunzitsi wamkulu akachotsedwa m'mwezi wa Novembala kapena Disembala, kawirikawiri omthandiza onse amachoka naye, ana natulutsidwa m'sukulu, akazi namanganso katundu.

Ambiri amayenda njirayi monga alendo ndi ogonera. Nick Saban anayamba pa Kent State mu 1973, napita ku Syracuse, ku West Virginia, ku Ohio State kumene anachotsedwa ntchito itatha nyengo ya 1981, ku Navy, ku Michigan State, ndipo sanakhale mphunzitsi wamkulu kufikira 1990 pa Toledo; pambuyo pake anatenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu ndi kawiri. Nkhani yake anthu amaikonda chifukwa imatha monga mtima ufunira, ndipo poifotokoza amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ngati kuti yense wodekha adzaona.

Koma si onse amene amaona, ndipo amene ndifuna kuti timlingalire ndi wina. Bud Foster anasewera pa Murray State m'chigawo cha Kentucky, kumene anakomana ndi mphunzitsi Frank Beamer, nayamba kugwira ntchito pansi pake mu 1981. Ndipo pamene Beamer anaitanidwa kukakhala mphunzitsi wamkulu ku Virginia Tech mu 1987, Foster anamtsata ku Blacksburg, kamzinda ka m'mapiri, nakhala komweko nyengo 33. Zaka zoyamba zinali zowawa, kotero kuti mu 1992 timuyo inapambana masewero awiri okha. Kuyambira 1995 Foster anapatsidwa mbali yotchinga, naiumba kufikira inakhala yoopedwa m'dziko lonse. Mu nyengo ya 1999 Virginia Tech sinagonje kufikira sewero lolimbirana ukatswiri, kumene Florida State inaigonjetsa 46 kwa 29. Ndipo mu 2006 Foster analandira mphotho ya Broyles, imene imaperekedwa kwa mphunzitsi wothandiza wopambana onse.

Chizindikiro cha anyamata ake chinali kabokosi kachitsulo, kakale ndi kopindikapindika, kotengeramo chakudya cha masana, konga kamene anthu okumba malasha amapita nako kumgodi. Wosewera amene wadzipereka koposa anzake ndiye ankapatsidwa ulemu wokanyamula, ndipo akapambana pa bwalo la eni, ankazula udzu pang'ono wa pabwalopo naika m'katimo. Munthu amene asankha chotengera cha wantchito kukhala mbendera yake watiuza kale m'mene amadziyesera.

Tsono Beamer atapuma kumapeto kwa 2015, akulu a sukuluyo sanapereke mpando kwa Foster amene anautumikira zaka zonsezo, koma anaitana Justin Fuente wa ku Memphis, munthu wocheperapo msinkhu. Ndipo Foster, amene akadatha kuchoka ndi mkwiyo wopanda womdzudzula, anatsala, natumikira mlendoyo nyengo zinayi, napuma mu 2019 asanakhalepo mphunzitsi wamkulu. Zimene zinali m'mtima mwake ndi zake ndi Mlengi wake. Chimene chili chathu ndi kuweruza ngati muyeso umene umamutcha wolephera uli muyeso woona.

Malembo Oyera satiphunzitsa kuti mtumiki aliyense wabwino adzalowa m'malo mwa mbuye wake. Yoswa analowadi m'malo mwa Mose, koma Kalebe, amene anazonda naye dziko nabwera ndi mtima womwewo, sanatsogolere Israyeli, ndipo cholowa chake chinali Hebroni, chimene anachipempha ali ndi zaka 85. Pa Refidimu nkhondo inapambanidwa chifukwa Aroni ndi Huri anachirikiza manja a Mose kufikira dzuwa litalowa, ndipo za Huri timamva zochepa ndithu. Yonatani, mwana wa mfumu, anadziwa kuti ufumu udzapita kwa Davide, namkondabe. Anthu awa sanalembedwe kuti tiwamvere chisoni, koma kuti tizindikire kuti mphatso zimasiyana, ndi kuti ntchito ya wochirikiza ili yathunthu mwa iyo yokha, si khwerero chabe lopondapo popita kwina. Ndipotu mpira womwewu wachitira umboni kambirimbiri kuti katswiri wophunzitsa anyamata kutchinga akakwezedwa, napatsidwa kusamala ndalama, atolankhani ndi olemera othandiza sukulu, amataya chimene anachidziwa napanda kupeza chimene anachifuna; pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo si mutu uliwonse umene unalengedwera nkhonyazo.

Komatu pano tiyenera kuponda mosamala, kuti chiphunzitso chokoma chingasanduke chingwe chomangira ofooka. Eni mipando a mibadwo yonse akhala akulalikira kudzichepetsa kwa iwo amene safuna kuwakweza. Mu mpira womwewu wa ku Amereka, anthu akuda ndi ochuluka pakati pa osewera ndiponso pakati pa aphunzitsi othandiza, koma ndi owerengeka pa mipando yaikulu, ndipo kumuuza munthu wotsekeredwa khomo chifukwa cha khungu lake kuti akhutire ndi malo ake, kumeneko si kumtonthoza koma kugwirizana ndi womtsekerayo. Kufuna kukwera si tchimo ai. Makolo athu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo wokwirira luso lake chifukwa cha mantha sangadzitche wodzichepetsa. Kirby Smart anatumikira Saban ku Alabama kuyambira 2007 kufikira 2015, ndipo nthawi itakwana anachoka, nakatenga ukatswiri kawiri ndi Georgia; kuchoka kwake kunali koyenera monga kunali koyenera kutsala kwa Foster.

Chotero kusiyana sikuli pakati pa wokwera ndi wotsala, koma pakati pa munthu amene ntchito inakhwimira m'manja mwake ndi munthu amene anaigwira ndi dzanja limodzi, maso ali pa mpando wa mnzake. Woyambayo, akhale mfumu akhale nduna, wakwaniritsa chimene anaitanidwira. Wachiwiriyo, ngakhale atavala ufumu, adzapeza kuti pamwamba pake pali winanso womchitira nsanje, pakuti njala yotere simatha ndi kudya. Mlandu wa kupondereza woyenera uli pa iwo ogawa mipando, ndipo tisaleke kuwafunsa. Koma mlandu wa kunyoza wotumikira uli pa ife tonse amene timawerenga dzina limodzi lokha pamene denga linasenzedwa ndi mitu yambiri.

Inu amene mwakalamba muli wachiwiri, kaya m'sukulu, kaya mu mpingo, kaya pabwalo la milandu, musadzifunse kuti munafika pati, koma kuti amene anaikidwa m'manja mwanu anachokamo otani. Ngati anachoka odziwa ntchito ndi olungama, simunalephere.