Kodi chosaoneka chingajambulidwe?

Anthu ambiri amayamikira chithunzi pokhapokha chikafanana ndi chinthu chomwe akuchidziwa: duwa lioneke duwa, munthu aoneke munthu. Koma moyo wa duwa suli m'maonekedwe ake a tsiku limodzi. Uli m'kumera, kukula, kufota ndi kusiya mbewu, ndipo diso silingaone zonsezi nthawi imodzi. N'chifukwa chake ndikunena kuti wojambula amene wasiya kutengera maonekedwe kuti alondole kakulidwe ka zamoyo amakhala wayandikira kwambiri chilengedwe. Umboni wake ndi ntchito ya Hilma af Klint, mayi wa ku Sweden yemwe anabadwa mu 1862 n'kumwalira mu 1944. Mu 1907 anajambula zithunzi khumi, chilichonse chotalika kupitirira mamita atatu, zofotokoza ubwana, unyamata, ukulu ndi ukalamba. M'zithunzimo mulibe nkhope ya munthu. Muli mizere yopotana ngati chigoba cha nkhono, timipira tooneka ngati mazira, ndi maluwa oyandama pa utoto wa lalanje kapena wabuluu. Pa unyamata zinthuzi zimathithikana ndi kuzungulirana, koma pofika pa ukalamba zimadekha n'kuyamba kulowa m'mizere yowongoka. Woonera amazindikira ulendo wa moyo wake popanda womuuza.

Ena amati izi n'zolembalemba zomwe ngakhale mwana angathe. Komatu mayiyu anaphunzira luso lake ku sukulu ya zojambula ya ku Stockholm, ndipo ankajambula zomera molondola mpaka timitsempha ta tsamba. Anayamba wadziwa bwino duwa lenileni asanalisiye, choncho mzere uliwonse wopindika anautola m'chilengedwe momwemo.

Chotsutsa champhamvu chimachokera kwa okhulupirira. Af Klint ankakumana ndi amayi anzake anayi kuyambira mu 1896 pofuna kulankhula ndi mizimu, ndipo ankati mizimuyo ndi imene inamutuma kujambula. Mkhristu kapena Msilamu ali ndi chifukwa chomveka chokanira zimenezo. Koma kukana zomwe wojambula ankakhulupirira sikufafaniza zomwe chithunzi chikuonetsa. Mtumwi Paulo, pa Aroma 1:20, amaphunzitsa kuti zosaoneka za Mulungu zimadziwika kudzera m'zolengedwa, ndipo chithunzi cha mbewu ikuphukira chimaloza ku mphamvu yopatsa moyo popanda kuipatsa nkhope yoti anthu aigwadire. Apa chimasiyana kotheratu ndi fano.

Mayiyu anapempha kuti zithunzizi zisaonetsedwe mpaka patatha zaka 20 iye atamwalira. Zitaikidwa m'nyumba yoonetsera zojambula ya Guggenheim mumzinda wa New York mu 2018, anthu oposa 600,000 anapita kukaziona. Kuchuluka kwa anthu sikutsimikiza choonadi, koma kukusonyeza kuti njala yofuna kuona zopitirira khungu la zinthu idakalipo, ndipo luso loona mtima liyenera kuiyankha.