Mwala wa Yakobo ndi Ndege ya ku Chileka

Mwezi uno tsegulani buku la Genesis, mutu 28. Yakobo anali mwana wokhala pakhomo pafupi ndi amache. Wozolowera thengo anali Esau. Koma tsiku linafika lakuti achoke ku Beereseba kunka ku Harana, yekha, ndi ndodo yache. Dzuwa litamlowera panjira anagona pabwalo, natsamira mwala.

Mau awa ndalembera ana athu amene akwera chitunda cha Thabwa, nafika ku Chileka, nalowa m'ndege osadziwamo munthu ndi mmodzi yemwe. Ndalemberanso inu makolo otsala.

Ulendo wa kunja suli wachilendo kuno ku chigwa. Makolo athu anapita ku Salisbury ndi ku Joni pansi. Ena anakwera njanje pa Port Herald, ndiyo Nsanje ya lero, naoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, umene unatsegulidwa mu 1935. Koma woyenda pansi asiya kwao pang'ono pang'ono: lero agona patsinde pa mlambe woudziwa, mawa amva Chisena, mkucha chinenedwe china. Ndege iribe chifundo chotere. Kuchokera ku Chileka kufikira ku Johannesburg ndi maora ngati awiri okha. Thupi lafika, mtima ukali pa doko la Shire.

Pamenepo mantha abala nzeru yoipa. Mai wobatizidwa asokerera chithumwa m'lamba wa mwana wache usiku, atate osadziwa. Chifukwa ninji? Chifukwa ayesa kuti Mulungu ali ngati nyakwawa, amene mphamvu yache ithera pa malire a mudzi. Makolo athu pofuna mvula anatumiza nsembe ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, pakuti anati mzimu uli ndi malo ache. Ndipo ganizo limeneli latsalira mwa ife, kotero kuti tiyesa Mulungu akhala m'nyumba ya mapemphero ya kwathu mokha. Yakobo anadabwa ndi chinthu chomwechi. Analota makwerero ofika kumwamba, angelo alikukwera ndi kutsika. Ndipo pouka anagwidwa ndi mantha, pozindikira kuti Mulungu wa atate wache anafika kale pa malo aja, iye asanafike. Mwala uja anauimika, natcha malowo Beteli. Iwe mnyamata, mpando wako wa m'ndege, umene akumangirirapo ndi lamba, ndiwo mwala wako.

Koma ndisakunyengeni. Mulungu sanalonjeze kuti ndege siidzagwa. Kuyambira zaka za m'ma 1950 a Wenela ananyamula amuna a dziko lino pa ndege kunka ku Francistown, ndi kuchokera kumeneko pa njanje kunka ku migodi. Pa 4 April 1974 ndege yao imodzi, itangonyamuka ku Francistown kudza ku Blantyre, inagwa nipsa. Ndipo anafa Amalawi oposa 70, nchito ataitsiriza, ali pa njira ya kwao. Boma la Dr. Kamuzu Banda linaletsa kulemba anthu a ku migodi, kufikira mu 1977. Kodi amuna ajawo Mulungu anawataya? Iai. Mafuta osayenera ndiwo anathiridwa m'ndegemo, ndipo palibe chithumwa chikadawakonza. Koma Iye amene anatsata Yakobo kuthengo sanaima patali ndi moto uja. Ichi ndinena kwa amasiye amene alipobe pakati pathu.

Tsono ndege zikwi zambiri zinyamuka ndi kutera bwino tsiku ndi tsiku. Choopsa chachikuru sichiri m'mlengalenga ai. Chiri pansi, ndipo dzina lache ndi Labani. Taonani, Labani sanali mlendo, anali malume wache weniweni, mlongo wa Rebeka, amene kuno kwathu tikadati mwini mbumba. Anamlandira ndi kumpsompsona. Pambuyo pache anampatsa Leya m'malo mwa Rakele, namsinthira malipiro kakhumi pa zaka 20. Alabani sanathe. Mu 2024 inamveka mbiri ya akazi a ku Malawi amene ananyengedwa ndi mau okoma kunka ku Oman, nakagwira nchito ya m'nyumba ngati akapolo, ziphaso zao za ulendo zitalandidwa. Mu November 2023 achinyamata oposa 200 anauluka kunka ku minda ya ku Israel, dziko lomwelo muli Beereseba, nkhondo iri mkati. Umphawi ndiwo unawakankha, ndipo ine sindiwaweruza.

Chifukwa chache pemphero lisakhale chofunda cha ulesi. Kalata ya pangano la nchito iwerengedwe kuno, pamaso pa mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo wodziwa Chingerezi: malipiro angati, miyezi ingati, ndani adzalipira ulendo wobwerera. Wokulembani nchito akakana kuonetsa kalatayo, ngakhale ali mbale, musapite. Chiphaso chanu musachipereke m'manja mwa bwana kuti akusungireni. Manambala a lamya a abale anu muwalembe papepala, pakuti lamya ya m'manja itayika kapena kulandidwa.

Yakobo anawinda kuti adzabwera, ndipo anabwera, nafikanso pa Beteli. Ambiri a kwathu anasanduka matchona, ndipo amai ao anaikidwa iwo kulibe. Tsono inu akulu a mpingo, mwana wa mpingo wanu asachoke mobisa ngati mbala. Mumuitane pamaso pa Akristu Sabata lotsiriza, mumpatse kalata ya mpingo yoti akaonetse kumene apitako, ndipo dzina lache mulilembe m'buku, kuti litchulidwe m'mapemphero mwezi ndi mwezi kufikira atabwera.